Mayiko osauka omwe adutsa m'nkhondo: tiziwayeza ndi chiyani?



Chaka ndi chaka mabungwe monga World Bank ndi United Nations amatulutsa mndandanda wa mayiko, kuyambira olemera kutsikira kwa osauka. Kumunsi kwa mndandandawo mayina sasinthasintha: Burundi, South Sudan, Central African Republic, Somalia, Afghanistan, Yemen, Mozambique, ndipo Malawi naye sasowapo. Mndandanda ukangofika pa WhatsApp, mkangano umabuka. Wina amati, "Bola ife, a Burundi tawaposa." Wina amati, "Zoona ife tingafanane ndi Somalia, dziko loti lakhala pankhondo zaka zoposa 30?"

Maganizo athu ndi akuti funso loti ndani wasauka kuposa mnzake silitifikitsa patali. Mayiko awiri akhoza kukhala ndi ndalama zofanana koma moyo wa anthu ake n'kukhala wosiyana kwambiri. Chimene chimawasiyanitsa kwenikweni ndi ichi: kodi anthu ali ndi njira yawoyawo yothetsera mikangano popanda mfuti, ndipo kodi atsogoleri awo amakakamizika kuwamvera? Kumene zimenezi zilipo, chipatala ndi sukulu zimayamba kuyenda ngakhale ndalama zikhale zochepa. Kumene palibe, mafuta a pansi pa nthaka ndi thandizo la kunja sizimufika munthu wamba.

Nambala yomwe imabisa zambiri

Nambala yomwe amakonda kuyika pamndandanda imapezeka motere: amatenga mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zomwe dziko lapanga pachaka, n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu. Zili ngati kuphatikiza chimanga cha m'nkhokwe zonse za m'mudzi, pamodzi ndi cha amfumu ndi cha wamalonda wa pamsika, kenako n'kunena kuti banja lililonse lili ndi matumba khumi. Masamuwo ngolondola, koma sakutiuza kuti ndani wagona ndi njala.

Powerengera motere, mayiko a Malawi ndi Somalia akhala oyandikana zaka zaposachedwapa, pakati pa madola 500 ndi 700 a ku America pa munthu pachaka. Koma tiyeni tifunse funso lina: mwa ana 1,000 obadwa amoyo, ndi angati amamwalira asanakwanitse zaka zisanu? Kuno ku Malawi ndi pafupifupi 40. Ku Somalia ndi oposa 100. Kusiyanaku sikukuchokera m'thumba. Chikuku chimapewedwa ndi katemera, kutsekula m'mimba kumachepa ndi madzi abwino, malungo amachepa ndi neti komanso mankhwala. Zonsezi n'zotsika mtengo, koma zimafuna msewu wodutsika, furiji yosungiramo katemera ndi mlangizi wa zaumoyo wofika kusikelo mwezi ndi mwezi. Zimenezi ndi zomwe nkhondo imayamba kudula.

Mu 2011 chilala chidagwa ku Somalia, Kenya ndi Ethiopia nthawi imodzi. Konseko ziweto zidafa ndipo anthu adavutika, koma njala yopha anthu miyandamiyanda idachitika kummwera kwa Somalia, komwe kunkamenyedwa nkhondo ndipo gulu la Al-Shabaab lidaletsa mabungwe ambiri kugawa chakudya. Anthu pafupifupi 260,000 adamwalira, theka lawo ana osakwana zaka zisanu. Mvula idakana mayiko onse atatu, koma maliro adachuluka kumene kudalibe boma lofikira anthu.

Chitsanzo china ndi South Sudan. Dzikoli lidalandira ufulu pa 9 Julayi 2011 litapatukana ndi Sudan, ndipo lidabadwa lili kale ndi zitsime za mafuta. Papepala, munthu wa kumeneko panthawiyo adali wopata kuposa wa ku Uganda kapena wa ku Malawi. Koma pa ndalama 100 zilizonse zolowa m'thumba la boma, zoposa 90 zinkachokera ku mafuta, osati ku msonkho wa alimi ndi amalonda. Boma lotere silisowa kupempha chilichonse kwa munthu wamba, ndipo amene wakhala pampando ndiye wagwira thumba lonse. Mu Disembala 2013 Pulezidenti Salva Kiir adayambana ndi Riek Machar, yemwe adali wachiwiri wake, asilikali n'kugawikana motsata mitundu. Pofika 2018 anthu pafupifupi 400,000 adali atafa, ena ndi zipolopolo, ena ndi njala ndi matenda. Njala yoopsa ya mu 2017 idalengezedwa m'chigawo cha Unity, komwe kuli zina mwa zitsime za mafutazo.

Anthu amodzi, njira ziwiri

Kuti tione bwino chomwe chimasiyanitsa, tibwerere ku Somalia. Kumeneko anthu a chilankhulo chimodzi, Asilamu okhaokha, ambiri mwa iwo oweta ngamila, nkhosa ndi mbuzi, adatenga njira ziwiri zosiyana boma lawo litagwa.

Dziko la Somalia lidapangidwa mu 1960 pophatikiza dera la kumpoto lomwe linkalamulidwa ndi Britain ndi dera la kummwera lomwe linkalamulidwa ndi Italy. Msilikali wina, Siad Barre, adalanda boma mu 1969. Mu 1988, pofuna kuthana ndi omuukira a kumpoto, adatumiza ndege zankhondo kukaphulitsa mzinda wa Hargeisa. Mbali yaikulu ya mzindawo idasanduka bwinja ndipo anthu oposa 300,000 adathawira ku Ethiopia. Mu Januwale 1991 Barre adathawa mumzinda wa Mogadishu, boma n'kugweratu.

Kummwera, akuluakulu a magulu ankhondo adayamba kulimbirana likulu, doko ndi bwalo la ndege. Asilikali a America ndi a United Nations adafika kumapeto kwa 1992 ndipo adachoka pofika 1995 mtendere usadabwere. Misonkhano yoyanjanitsa idachitikira kunja: ku Addis Ababa, ku Cairo, ku Arta m'dziko la Djibouti mu 2000, ndi ku Kenya kuyambira 2002 mpaka 2004. Ndalama zoyendetsera misonkhanoyi zinkachokera kwa akunja, ndipo kawirikawiri mpando wapamwamba unkaperekedwa kwa amene ali ndi anyamata ambiri onyamula mfuti. Phunziro lomwe aliyense adatolapo ndi loti ukafuna kuitanidwa kumsonkhano, usatule zida.

Kumpoto zidayenda mwina. Pa 18 Meyi 1991, pamsonkhano wa ku Burao, derali lidalengeza kuti ndi dziko palokha lotchedwa Somaliland. Mtendere sudabwere tsiku lomwelo. Mu 1992 mafuko adamenyana polimbirana doko la Berbera, ndipo nkhondo ina idabuka kuyambira 1994 mpaka 1996. Koma nthawi iliyonse akuluakulu a mafuko ndi mashehe ankaitanitsa msonkhano komweko, pakati pa anthu omwe adayambanawo. Waukulu kwambiri udachitikira ku Borama mu 1993. Akuluakulu 150 adakhala pansi pafupifupi miyezi inayi, ndipo mbali yaikulu ya chakudya ndi zofunika zina idaperekedwa ndi anthu a komweko, amalonda ndi abale awo okhala kunja.

Misonkhano yotereyi inkayambira pa zinthu zimene zimagoneka anthu tulo: nyumba ndi ziweto zolandidwa zibwezedwe bwanji, dipo la munthu wophedwa liperekedwe motani, zitsime ndi msipu azigwiritsa ntchito bwanji, ndipo ndani ayankhe mlandu mnyamata wa fuko lakutilakuti akatseka msewu ndi mfuti. Atamvana pa zimenezi ndi pamene adafika pa nkhani ya mipando. Ku Borama adasankha Mohamed Ibrahim Egal kukhala pulezidenti, n'kukhazikitsanso nyumba ya akuluakulu yotchedwa Guurti kuti ikhale mbali ya nyumba ya malamulo. Makolo athu adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ku Somaliland mwambiwu adausandutsa lamulo la dziko.

Palinso nkhani ya ndalama. Kwa zaka zoposa 30 padalibe dziko lomwe lidavomereza Somaliland, choncho boma lake silinkatha kukongola ku World Bank kapena ku IMF. Linkadalira msonkho wa padoko la Berbera, pomwe pamadutsa nkhosa ndi mbuzi zopita ku Saudi Arabia, makamaka zokazinga panyengo ya Hajj. Boma la Egal lidakongolanso kwa amalonda a komweko. Tsono wamalonda sapereka ndalama zake ulele. Amafuna msewu wopanda achifwamba, ndipo amafuna kumvedwa. Umphawi wa boma ndi umene udalikakamiza kukambirana ndi anthu ake, chinthu chimene boma la South Sudan silidakakamizike kuchita chifukwa cha mafuta.

Zipatso zake zikuoneka. Egal atamwalira mu 2002, wachiwiri wake Dahir Riyale Kahin adalowa m'malo motsata malamulo, ngakhale sadali wa fuko lalikulu la m'derali. Pachisankho cha 2003 Riyale adapambana ndi mavoti 80 okha, ndipo wogonjayo adavomera khoti litagamula. Mu 2010 Riyale adagonja n'kutula pansi udindo. Mu Novembala 2024 pulezidenti wina wolamula, Muse Bihi, adagonjanso n'kuchoka mwamtendere. Yunivesite ya Amoud idatsegulidwa ku Borama mu 1998. Mu 2002 mzamba wina, mayi Edna Adan Ismail, adatsegula chipatala cha amayi oyembekezera ku Hargeisa pogwiritsa ntchito chuma chawo, ndipo chipatalacho chakhala chikuphunzitsa azamba. Ku Mogadishu, bomba la pa 14 Okutobala 2017 lidapha anthu oposa 500 tsiku limodzi, ndipo mu 2022 pulezidenti wa Somalia adasankhidwa ndi aphungu okha, atasonkhana mkati mwa mpanda wa bwalo la ndege wolonderedwa ndi asilikali a African Union.

Zomwe otsutsa anganene

Wina akhoza kutsutsa kuti kuyerekeza kumeneku n'kokondera, ndipo ali ndi mfundo zomveka. Somaliland ndi dera laling'ono ndipo anthu ambiri ndi a fuko limodzi la Isaaq. Kummwera kuli mafuko ambiri, kuli likulu, kuli minda yachonde ya m'mbali mwa mitsinje ya Juba ndi Shabelle, kotero zolimbirana n'zambiri. Kummwera kudalowereranso manja a akunja mobwerezabwereza. Mu 2006 makhoti a Chisilamu adakhazikitsa bata ku Mogadishu kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, doko ndi bwalo la ndege n'kutsegulidwa, koma kumapeto kwa chakacho asilikali a Ethiopia adalowa, ndipo m'chipwirikiti chotsatira ndi momwe Al-Shabaab idakulira. Choncho sitikunena kuti anthu a kummwera ndi oipa mtima kapena aulesi. Amalonda a ku Mogadishu adamanga makampani a lamya, masukulu ndi mayunivesite pakati pa zipolopolo.

Komanso Somaliland ikadali yosauka kwambiri. Achinyamata ambiri alibe ntchito, ndipo ena amataya moyo m'chipululu cha Sahara ndi panyanja ya Mediterranean pofuna kukafika ku Ulaya. Zisankho zimachedwetsedwa: aphungu osankhidwa mu 2005 adakhala mpaka 2021, ndipo pachisankho cha 2021 palibe mayi ngakhale mmodzi adapeza mpando mwa mipando 82. Mu 2023 nkhondo ya ku Las Anod idathawitsa anthu oposa 100,000, chifukwa anthu a kumeneko sankafuna kukhala pansi pa boma la ku Hargeisa. Za ngati Somaliland ikuyenera kukhala dziko palokha, eni ake ndiwo adziwa.

Tikavomera zonsezi, mfundo yathu ikukhalabe. Zomwe zalakwika ku Somaliland zalakwika pamalo pomwe kukambirana kudaperewera: amayi omwe adasiyidwa kunja, ndi mafuko a kum'mawa omwe adaona kuti mgwirizano suwakomera. Zomwe zayenda bwino zayenda pomwe anthu adakhala pansi okha n'kulipira okha msonkhano wawo.

Mtendere wosiya ena m'mbuyo

Nkhani ya Mozambique makolo ambiri adaiona ndi maso. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo idayamba cha mu 1977 ndipo idapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Enanso pafupifupi 1 miliyoni adathawira kuno, n'kukhala m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Mgwirizano wamtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, chisankho chidachitika mu 1994, ndipo othawa nkhondo adabwerera kwawo. Kwa zaka pafupifupi 20 chuma cha dzikolo chinkakwera ndi 7 peresenti pachaka, ndipo mu 2015 boma lidalengeza kuti lamaliza kufukula mabomba okwirira m'malo onse omwe ankadziwika. Oyerekeza mayiko ankati Mozambique ndi chitsanzo chabwino.

Koma chumacho chidaunjikana ku Maputo ndi m'ntchito zikuluzikulu monga fakitale ya Mozal ndi migodi ya malasha ya ku Moatize, zomwe zimabweretsa madola ambiri koma sizilemba anthu ochuluka. Mu 2016 zidaululika kuti akuluakulu ena adakongola pafupifupi madola 2 biliyoni nyumba ya malamulo isakudziwa. Kumpoto kwenikweni, m'chigawo cha Cabo Delgado, mudapezeka miyala ya mtengo wapatali ku Montepuez ndi gasi wambiri pansi pa nyanja, pomwe achinyamata a m'derali adali osaphunzira mokwanira komanso opanda ntchito. Pa 5 Okutobala 2017 zigawenga zidaukira tauni ya Mocímboa da Praia. Zitaukiranso Palma mu Malichi 2021, kampani ya TotalEnergies idaimitsa ntchito yake ya gasi ya madola 20 biliyoni. Anthu othawa m'nyumba zawo adayandikira 1 miliyoni.

Zigawengazi zimatchula dzina la Chisilamu, koma midzi yomwe zawotcha ndi anthu omwe zapha, ambiri ndi Asilamu anzathu a m'mphepete mwa nyanja. Palibe umphawi umene ungalungamitse kudula munthu mutu. Komabe tizifunsa kuti anyamata oti n'kuwalemba adawapeza kuti. Adawapeza m'dera lomwe chuma chinkadutsa pamaso pa anthu koma eni nthaka alibe pokadandaula. Nambala ya 7 peresenti ija inkaoneka bwino ku Maputo, koma sinkanena chilichonse za mnyamata wa ku Palma.

Ku Afghanistan nako mfuti zidachepa a Taliban atalanda boma mu Ogasiti 2021, ndipo misewu yomwe kale inkaopsa idayamba kudutsika. Koma atsikana adaletsedwa kupitirira kalasi lachisanu ndi chimodzi, ndipo mu Disembala 2022 adatsekeredwanso mayunivesite. Bungwe la mayiko a Chisilamu la OIC komanso mtsogoleri wa Al-Azhar ya ku Egypt adatsutsa chiletsochi poyera. Taganizani za mawa la dziko limene mayi amafuna kuthandizidwa ndi dokotala kapena mzamba wamkazi, koma sukulu yotulutsa madokotala aakaziwo ndi yotseka. Kumeneko bata lilipo, koma kholo la mtsikana lilibe poti n'kukadandaula.

Nanga ife tili pati?

Malawi amapezeka pamndandanda umodzi ndi mayikowa chonsecho sadamenyepo nkhondo yapachiweniweni. Izi zikutiuza zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti tili ndi chuma chimene nambala ija siiwerenga. Mu 1992 atsogoleri a zipembedzo, kuphatikizapo a Muslim Association of Malawi, pamodzi ndi maloya ndi amalonda, adapanga Public Affairs Committee kuti akambirane ndi boma la Dr Banda, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu adasankha ndale za zipani zambiri pogwiritsa ntchito voti. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo chibwereza chidachitika mu Juni chaka chomwecho. Mkangano wa mtundu womwewo ndi umene udayatsa moto ku Juba mu 2013. N'chifukwa chake anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina akukhala ku Dzaleka m'boma la Dowa: adathawira ku dziko losauka, koma loti munthu amagona osamva mfuti.

Chachiwiri n'chowawa. Ngati titakhala zaka zoposa 60 pamtendere tikufananabe ndalama ndi Somalia, ndiye kuti mtendere wathu sitidaulime mokwanira. Mtendere uli ngati munda wososa kale. Mlimi akapanda kubzala ndi kupalira, sadzakolola kanthu, ndipo sangaloze chala nkhondo. Mizere ya pamalo omwetsera mafuta, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kukwera mtengo kwa feteleza sizidabwere ndi zigawenga. Zimafuna nzika zofunsa kumene msonkho wawo wapita.

Tsono inu ophunzira, mukadzaona mndandanda wina, musathamangire kuona ngati takwera kapena tatsika. Funsani mafunso atatu pa dziko lililonse. Mwana akadwala usiku, mayi ake amapita kuti, ndipo amakapezako chiyani? Mtsikana wa zaka 15 ali m'kalasi kapena ayi? Anthu awiri akalimbirana munda, kapena zipani ziwiri zikalimbirana mpando, amakathera kuti? Mayankho a mafunsowa adzakuuzani zambiri za dzikolo kuposa madola a papepala.

Kwa inu makolo ndi a komiti, nkhani ya ku Borama si yachilendo. Nthawi iliyonse mukakhala pansi kuyanjanitsa mabanja awiri okanganirana malire, kapena mukawerenga poyera ndalama zomwe anthu asonkha ndi momwe zagwirira ntchito, ana athu amaona mmene mkangano umathera popanda chibakera, ndi mmene wosunga thumba amayankhira kwa eni ake. Ntchito imeneyi imaoneka yaing'ono, koma South Sudan idasowa yomweyi ngakhale idali ndi mafuta. Pitirizani kuichita pamaso pa ana, ndipo muziwalola kufunsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Allah awapatse mtendere onse omwe akuvutika ndi nkhondo, ndipo atisungire umene tili nawo.